Injini ikayamba kuwira: makilomita ochepa amene amadya mpamba

Mwezi wa Okutobala chaka chatha ndinakwera Mazda Bongo ya mayi wina wochita geni ya tomato. Cholinga changa chinali kuona ndi maso anga mmene mtengo wa dengu umakwerera kuchoka pa Lizulu kukafika ku Blantyre, kuti ndidzalembe patsamba lino. Ya mitengoyo ndinalemba ndithu, koma pali nkhani ina ya ulendo womwewo imene ndakhala ndikuisunga.

Tinachedwa kupakira. Pamene timawoloka mlatho wa Shire pa Zalewa n'kuti dzuwa lili paliwombo, madengu atadzaza mpaka kudenga. Amene mumayenda msewu umenewu mukudziwa kuti ukangochoka pa Zalewa umayamba kukwera pang'onopang'ono. Sipanapite nthawi, dalaivala analoza geji.

"Mayi, galimoto yayamba kutentha."

"Achimwene, limbani mtima tikangofika pa Lunzu. Opikula andiimbira kale kawiri, tikachedwa agula kwa ena."

Dalaivala anamvera mwini galimoto. Ngakhale pa Lirangwe sitinafike. Mphamvu zinatha, pansi pa mpando panatuluka nthunzi, injini n'kuzima yokha.

Makaniko atabwera anapeza kuti chinayambitsa zonse ndi kapayipi ka madzi kamene kanang'ambika pafupi ndi kilipi. Mtengo wake sunkafika ngakhale pa dengu limodzi la tomato amene tinanyamula. Koma mtunda wochepa umene tinayenda madzi atatha unawotcha gasiketi n'kupinditsa hedi. Tomato anasamutsidwira pa lole ya hayala, n'kukagulitsidwa mawa lake motchipa atayamba kufewa. Bongo inakhala kugalaja masabata awiri ndi theka. A banki m'khonde sanadikire.

Sindikuwanena mayiwo. Aliyense amene ananyamulapo katundu wosachedwa kuwonongeka, kaya ndi nsomba zaziwisi, nthochi za ku Thyolo kapena kabichi, amadziwa mmene mtima umathamangira galimoto ikaima panjira. Koma kutentha kwa injini nthawi zambiri kumayamba ndi kanthu kotchipa. Chimene chimadulitsa ndi mtunda umene mwayenda geji itakuchenjezani kale. Chinanso n'chakuti galimoto imanena yokha pamene pali vuto, makaniko asanagwire n'sipanala yomwe, bola mwini wake adziwe kumva.

Kodi chimaziziritsa injini n'chiyani?

Pa malita atatu aliwonse a petulo kapena dizilo amene mwagula, mphamvu ya pafupifupi lita imodzi imasanduka kutentha kumene madzi ayenera kuchotsa mu injini. Pampu imazungulitsa madziwo m'timinjira ta m'kati mwa injini, n'kuwapititsa ku radiator. Kumeneko mphepo imawaziziritsa, kaya ndi ya liwiro la galimoto kapena yokokedwa ndi fani. Pakati pa njirayi pali thermostat, kachitseko kamene kamatsekeka injini ikakhala yozizira n'kutseguka ikafunda, pa injini zambiri za ku Japan cha pa madigiri 80 kapena 82.

Chimene anthu ambiri amachiderera ndi chitsekero cha radiator. Mukachiyang'ana pamwamba mupeza palembedwa 0.9 kapena 1.1. Manambala amenewa akunena mphamvu imene chitsekerocho chimapanikizira madzi, ndipo madzi opanikizidwa chotero sawira mpaka atafika cha m'ma madigiri 120. Opanda kupanikizidwa amawira pa 100, koma kumeneko n'kumalo otsika ofanana ndi nyanja yamchere. Kumalo okwera ngati ku Dedza amawira cha pa 95, pomwe injini yabwinobwino ikamakwera phiri ndi katundu imafika pamenepo mosavuta. Ndiye madalaivala amene amamasula chitsekero pang'ono "kuti injini izipuma" amawiritsa okha galimoto yopanda vuto.

Muvi ukakwera muli panjira

Choyamba dziwani kuti magalimoto ena ang'onoang'ono ochokera ku Japan alibe geji ya muvi. Ali ndi kanyali, kabuluu kapena kobiriwira m'mawa injini ikadali yozizira, kofiira ikatentha mopitirira. Kofiirako kakayaka palibenso nthawi yokambirana ndi mwini katundu.

Zimitsani AC. Yatsani hita mpaka kumapeto, mawindo mutsegule. Mudzatuluka thukuta, koma hita ndi ka radiator kakang'ono ndipo kamathandiza kuchotsa kutentha pamene mukufunafuna poima. Hitayo imakuuzaninso kanthu: ikamatulutsa mpweya wozizira geji ili pamwamba, ndiye kuti madzi atha kapena sakuyenda. Pamenepo imani pomwepo, muzimitse.

Pali msampha wina. Nthawi zina muvi umakwera, kenako n'kutsika wokha mwadzidzidzi, dalaivala n'kupuma kuti zatha. Ayi ndithu. Kachipangizo koyeza kutentha kamawerenga bwino kakakhala m'madzi. Madzi akatheratu kamatsala pamphepo n'kuyamba kunama, injini ikupsa.

Ngati palibe nthunzi, madzi sakudontha ndipo fani ikuzungulira, mukhoza kuisiya injini ikulira pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo mukuyang'ana ngati muvi ukutsika. Koma mukaona nthunzi, madzi akutayika pansi, kapena nyali ya batire yayaka limodzi ndi ya kutentha, zimitsani. Nyali ziwirizi zikayakira limodzi kawirikawiri ndiye kuti lamba waduka, ndipo pampu yaleka kuzungulira.

Musatsegule chitsekero injini ili yotentha. Dikirani mphindi 30 kapena kuposerapo, mpaka payipi yaikulu ya pamwamba mutha kuigwira ndi dzanja n'kuifinya ili yofewa. Kenako ikani chinsanza chokhuthala pachitsekero, nkhope muyang'anitse kumbali, mupotokole pang'ono kuti mpweya uyambe watuluka. Pa Bongo, Vanette ndi HiAce zakale injini ili pansi pa mpando, kutanthauza kuti madzi owira akaphulika amaphulikira m'galimoto momwemo. Anthu atsike kaye. Wina akapsa, thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20 n'kupita naye kuchipatala. Mazira, mafuta ophikira ndi mankhwala otsukira mano si mankhwala a bala lamoto.

Musakhuthulirenso ndowa ya madzi ozizira pa injini yotentha. Zimene zimachitikira tambula yagalasi mukaithira madzi owira zimachitikiranso hedi, kungoti hedi ndi yodula. Injini ikazizira, thirani madzi pang'onopang'ono, muilize, muwonjezere akatsika, kenako musuzumire pansi kuona pamene akutulukira. Payipi ikang'ambika chakumapeto, ngati mmene inachitira ya mayi aja, mukhoza kudula pong'ambikapo n'kuibwezera ndi kilipi yomweyo. Ikang'ambika pakati, mphira ya chubu yokulungidwa zolimba ikhoza kukufikitsani pamalo ogulitsira zinthu apafupi, mukuyenda mwapang'onopang'ono. Osapitirira pamenepo.

Imatentha nthawi yanji?

Funso limeneli ndi limene makaniko wodziwa ntchito amayamba kufunsa. Amene sanakufunseni, n'kungothamangira kunena kuti "gasiketi yapita", mukayikireni.

Pali galimoto imene imatentha ikaima, monga pamzere wa mafuta kapena pamene magalimoto athithikana ku Limbe, koma ikayamba kuthamanga muvi umatsika. Imeneyo vuto lake ndi fani. Pa Sienta, Voxy ndi Noah zatsopanopo fani imayendera magetsi. Ilizeni injini, muyatse AC: fani iyenera kuzungulira. Ikapanda kutero, yambani ndi fyuzi, kenako relay, kenako mota ya faniyo. Mota imene imadzuka mukaigogoda ndi chigwiriro cha sikuludiraiva yatha m'kati, ndipo tsiku lina sidzadzukanso. Fyuzi ikapsa musaike waya m'malo mwake. Yapsa chifukwa chilipo, ndipo waya amangosamutsira motowo ku mawaya ena onse.

Pa HiAce ndi Bongo zakale zambiri fani imazungulitsidwa ndi lamba kudzera pa kalatchi kokhala ndi mafuta m'kati. Injini itatentha, izimitseni, kiyi muike m'thumba, mukankhe fani ndi chala. Iyenera kulimba n'kuima msanga. Ikamazungulira yokha ngati gudumu la njinga, kalatchiko katha. Onaninso ngati chikhola cha pulasitiki chozungulira fani chidakalipo. Amakaniko ena amachichotsa poti chimawapinga manja, osachibwezeranso, pomwe n'chimene chimakakamiza mphepo kudutsa mu radiator m'malo mongozungulira m'mbali.

Ina m'tauni imayenda bwinobwino, koma imawira pa chitunda: pa Khwekhwelere pochokera ku Golomoti, pokwera kuchoka ku Chikwawa kubwera ku Blantyre, pa Chiweta, kapena pochokera ku Salima kupita ku Lilongwe. Apa ndiye kuti zoziziritsa zikugwira ntchito koma mphamvu zake zachepa. Yambani ndi zaulere. Suzumirani kutsogolo kwa radiator, makamaka pakati pa iyo ndi chinzake chofanana nayo cha AC. Magalimoto olowa m'midzi kukapikula amasonkhanitsa udzu, mankhusu, nthenga za nkhuku, matope ouma, ngakhale jumbo yathunthu. Tsukani ndi madzi osathamanga kwambiri, kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, kuti tizitsulo topyapyala tija tisapindike.

Kunja kukakhala koyera, vuto likhoza kukhala m'kati. Injini itafunda, izimitseni, kiyi atuluke, muyendetse chikhatho mosamala pa radiator. Mukapeza malo ena otentha ena ozizira, timachubu tina tatsekeka ndi dzimbiri. Radiator zakale zamkuwa akatswiri ake amazitsegula n'kuzitokosa chubu chimodzichimodzi, ndipo zimabwerera mwakale. Za masiku ano zokhala ndi thanki yapulasitiki sizipirira kutsegulidwa kawirikawiri. Pulasitikiyo ikasintha mtundu kuchoka pakuda kupita pa khofi, yatsala pang'ono kusweka, ndipo kuimata ndi guluu n'kungogula masiku.

Pampu nayo imatha mosaoneka. Timapiko take ta m'kati timadyeka ndi dzimbiri, kunja ikuoneka yabwino, lamba akuizungulitsa, koma madzi ikukankha ochepa. Lamba wolira ngati mwanapiye m'mawa ndiye kuti akuterereka. Mabuleki omangika nawonso amalemetsa injini: mukaima, yandikizani dzanja pa gudumu lililonse, lotentha kuposa anzake likuuzani.

Pano ndinene za katundu, ngakhale ndikudziwa kuti ena simukondwa. Toyota Sienta ili ndi injini ya malita 1.5 ndipo inapangidwira anthu 7. Anthu 7 akuluakulu kulemera kwawo sikusiyana kwambiri ndi matumba 9 kapena 10 a makilogalamu 50. Mukachotsa mipando n'kuikamo matumba 16 a kachewere wa ku Tsangano, inu ndi dalaivala pamwamba, radiator sikula nawo ayi. Phindu la matumba owonjezerawo liwerengeni limodzi ndi matayala, masipuling'i ndi injini. Pa chitunda, tsitsani giya msanga. Kukakamira giya yapamwamba injini ikulira mobuula kumawonjezera kutentha pomwe pampu ikuzungulira pang'onopang'ono. Ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumatentha kupitirira madigiri 40, kukwera phiri mbandakucha n'kosiyana kutali ndi kulikwera masana.

Mtundu wachitatu ndi galimoto imene imatentha pasanathe mphindi 10 chiilizireni, kaya yanyamula kaya ilibe kanthu. Madzi alimo okwanira, injini yatentha, koma radiator ndi imodzi mwa mapayipi akuluakulu n'zozizira. Imeneyo ndi thermostat yakanirira chotseka. Kuiyesa n'kosavuta: iikeni mumphika wa madzi pambaula. Iyenera kuyamba kutseguka madzi asanawire. Ikafika powira ili chitsekere, yatha.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi amakaniko ambiri a m'misika mwathu. Galimoto ikangofika kuchokera ku Japan, malangizo oyamba amene mwini amalandira ndi akuti: "Bwana, chotsani thermostat, chimenechi n'cha kumayiko ozizira." Zimamveka zanzeru, koma zimakudyerani ndalama mwakachetechete. Injini yopanda thermostat imachedwa kufunda, ndipo m'mawa ndi usiku imayenda yozizira. Pa injini za petulo za masiku ano, kompyuta ikaona kuti injini n'njozizira imawonjezera mafuta. Mukulipira pa filing'i sitesheni tsiku lililonse, ndipo injini yoyenda yozizira imaperepeseka msanga. Choipa china n'chakuti pa injini zambiri thermostat ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule kamene madzi amazungulira osapita ku radiator. Mukaichotsa kanjirako kamakhala pululu, madzi ena otentha amalambalala radiator, galimoto n'kudzawira pa chitunda chomwe mumachiopacho. Ikaonongeka ikani ina ya nambala yofanana. Kuichotsa kumangobisa vuto lenileni, lomwe nthawi zambiri limakhala radiator yotsekeka.

Galimoto imathanso kutentha itangochoka kugalaja, chifukwa pothira madzi mpweya unatsekeredwa m'kati. Zimachitika kwambiri pa magalimoto okhala ndi hita yakumbuyo, poti mapayipi ake ndi aatali. Iimikeni mphuno itayang'ana kumtunda, injini yozizira, chitsekero chotsegula, hita ili pamapeto. Ilizeni, muziwonjezera madzi mpaka thovu litasiya kutuluka.

Madzi akamatha osadziwa kumene akupita

Galimoto yabwino siimwa madzi. Ngati mukuthira tsiku lililonse, kwinakwake akutuluka. Yalani katoni pansi pa injini usiku, m'mawa muone pamene padontha. Fufuzani zoyera kapena zofiirira zouma ngati mchere pa makilipi, pamsoko wa radiator, ndi pansi pa pampu pomwe pali kabowo kamene kamadontha pampu ikayamba kutha. Kapeti wonyowa kumapazi a wokhala kutsogolo akunena za hita. Magalimoto okhala ndi hita yakumbuyo ali ndi mapayipi achitsulo oyenda pansi pa galimoto, ndipo amene anachokera kumadera a chipale ku Japan, komwe amawaza mchere m'misewu, amabwera mapayipiwo atadyeka kale. Chitsekero nacho chiyang'aneni: mphira yake ikauma kapena kung'aluka, madzi amathawira m'kabotolo kapambali n'kusefukira pansi mukuyenda, inu osaona.

Mukafufuza ponseponse osapeza, m'pamene tingayambe kukamba za gasiketi ya hedi. Zizindikiro zake ndi izi. Mukatsegula chitsekero injini ili yozizira n'kuiliza, thovu limatuluka losalekeza, nthawi zina madzi kuchita kudumpha. Mapayipi amalimba gwa patangopita mphindi zochepa, injini isanafunde n'komwe. Utsi umatuluka woyera, wonunkhira motsekemera, ndipo susiya ngakhale mutayenda mtunda. M'mawa injini imalira modukiza kwa kanthawi. Oyilo pa kachitsulo koyezera amaoneka ngati tiyi wamkaka. Koma nthunzi yoyera ya m'mawa wa mu Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu, imene imatha injini ikafunda, isakuopseni. Imeneyo ndi nyengo chabe.

Oyilo akasakanikirana ndi madzi musaiyendetsenso. Ikokedwe. Oyilo wotere sateteza zitsulo, ndipo chotsatira chake n'kunoka kwa injini yonse.

Za dzira laliwisi, ufa, sopo ndi masamba a tiyi zimene ena amathira mu radiator kuti zitseke podontha, ndingoti: zimatsekadi, koma sizisankha potseka. Timachubu ta radiator ndi ta hita timatsekeka nawo, ndipo pakatha mwezi galimoto imene inkangodontha imayamba kuwira pa chitunda chilichonse.

Madzi a pamjigo

Suzumirani m'ketulo imene mumawiritsira madzi a pamjigo kwa miyezi ingapo. Zoyera zimene zamatirira pansizo zimamatiriranso m'timachubu ta radiator, tomwe ndi topyapyala ngati kachitsotso ka machesi. Kuchigwa cha Shire, komwe mijigo ina madzi ake ndi amchere, zimafulumira kwambiri. Madzi okhaokha amachititsanso dzimbiri. Mukatsegula chitsekero n'kupeza madzi ofiira ngati a mumtsinje nthawi ya dzinja, injini yanu ikudyeka m'kati.

Ena amati coolant ndi wa kumayiko kumene madzi amaundana. Ntchito imeneyo ndi imodzi chabe. Amaletsanso dzimbiri, amasamalira pampu, ndipo amachedwetsa kuwira. Pogula werengani botolo. Wina ndi wosungunula kale, wongothira. Wina ndi wokhathamira, wofunika kusakaniza theka ndi theka ndi madzi oyera, makamaka aja ogulitsidwa kuti muziwonjezera m'batire. Samalani, ndikunena madzi a batire, osati asidi. Musasakanize mitundu yosiyana, ndipo mtundu wa madziwo usakunyengeni, chifukwa utoto wobiriwira kapena wofiira aliyense akhoza kuthira m'chigubu. Coolant wamba amafuna kusinthidwa pakatha zaka ziwiri. Pangozi panjira thirani madzi oyera alionse amene mwapeza, koma mukafika mukawakhetse.

Inu onyamula zakudya, mverani ichi: coolant ndi poizoni, ndipo amatsekemera. Musamusunge m'botolo la Fanta kapena la Sobo, musamuike pamodzi ndi tomato kapena nsomba, ndipo wokhetsedwa asatayidwe pamene ana, agalu ndi nkhuku afikapo.

Kugalaja ndi kumsika wa masipeya

Safunsa anadya phula. Makaniko asanatsegule hedi, mufunseni wayesa bwanji. Magalaja ena ali ndi pampu yamanja imene amamangirira pamalo a chitsekero n'kupopa, podontha n'kuonekera injini ili chizimire. Ena ali ndi madzi abuluu amene amasintha mtundu utsi wa m'masilinda ukamalowa m'madzi a radiator. Kulipira kuyesa kotere n'kotchipa kuposa kutsegulitsa injini imene vuto lake linali chitsekero.

Ngati gasiketi yapsadi, kungosintha gasiketi yokha sikukwanira. Hedi ipite kwa a makina akaiyeze ngati yapindika ndiponso ngati yang'aluka. Ma hedi a aluminiyamu, ngati a Sienta, sachedwa kupindika akapsa. Yopindika pang'ono amaipala n'kukhala bwino, koma kupalako kuli ndi malire, makamaka pa dizilo, ndipo yong'aluka kuipala n'kutaya ndalama. Pomanga, mabawuti a hedi amamangidwa motsatana mwa dongosolo lake, ndi sipanala yoyeza mphamvu, osati ndi chipayipi ndi mphamvu za mnyamata wa pagalaja. Oyilo ndi fyuluta zisinthidwe. Ndipo funso lalikulu musaliiwale: chinatenthetsa injini poyamba n'chiyani? Gasiketi kawirikawiri imapsa chifukwa cha vuto lina. Mukasiya radiator yotsekeka yomwe ija, yatsopanoyo idzapsanso musanamalize kubweza ngongole ya yoyamba.

Kukakhala kuti hedi yang'aluka ndipo pansi pa injini pakugogoda, funsani mtengo wa injini yathunthu yogwiritsidwapo ntchito ya ku Japan, muyerekeze ndi wa ovaholo. Nthawi zina kusiyana kwake kumakhala kochepa. Mukagula, risiti ikhale ndi nambala ya injiniyo, ndipo mugwirizane masiku oibweza ikapezeka ndi vuto.

Masipeya onsewa amachokera kunja, n'chifukwa chake mitengo yake imatsata dola. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene mwamva sabata ino sungaudalire sabata yamawa. Kaya muli ku Malangalanga ku Lilongwe, ku Ndirande kapena ku Limbe, funsani m'mashopu atatu musanatulutse ndalama. Tengani chipangizo chakalecho m'manja, ndi nambala ya chasisi, monga NCP81 pa Sienta zambiri zakale. Eni Nissan Vanette zakale dziwani kuti kuyambira mu 1994 Vanette zina zonyamula katundu zinkapangidwa ndi Mazda, ndipo zimenezo ndi Bongo yomweyo yosintha dzina. Mukasowa sipeya ya Vanette yotereyi funsani ya Bongo ya chaka ndi injini yofanana, muyerekeze mitengo. Mota ya fani yakale yochotsedwa pa galimoto ina ikhoza kukutumikirani bwino mukaiyesa pa batire musanalipire. Koma chitsekero, thermostat, mapayipi ndi lamba gulani zatsopano, chifukwa mphira yakale ndi yakale basi. Ntchito ikatha, itanitsani zipangizo zimene zachotsedwa.

Tiwerengereko pang'ono, mongoyerekeza. Tinene kuti galimoto yanu imakusiyirani K50,000 patsiku mutachotsa mafuta ndi dalaivala. Ikakhala kugalaja masiku 14, mwataya K700,000 musanagule n'bawuti yomwe, kuphatikizapo makasitomala amene azolowera kugula kwa mnzanu. Kuima ola limodzi pa Zalewa kukanawatayitsa mayi aja opikula a tsiku limenelo okha.

Ambiri a inu galimoto si yanu, mumachita hayala. Musanapakire, suzumirani kuseri kwa mpando wa dalaivala. Chigubu chimodzi cha madzi ndi nzeru. Zigubu zinayi ndi umboni woti galimotoyo imamwa madzi, ndipo katundu wanu akhoza kugona panjira. Yang'anani pansi pamene yaima ngati panyowa. Gwirizanani musananyamuke kuti ikafa panjira adzalipire galimoto ina ndani, ndipo ndalama yonse musapereke katundu asanafike.

Eni magalimoto amene muli ndi dalaivala wa tageti, kumbukirani kuti munthu amene mwamuuza kuti madzulo abweretse ndalama yakutiyakuti zivute zitani ali ndi chifukwa chobisira kuti muvi unakwera masana. Muuzeni poyera kuti akaima chifukwa cha kutentha simumudula. M'mawa uliwonse, injini isanalizidwe, onani nokha madzi mu radiator momwemo, osati m'kabotolo kapambali mokha, poti kabotoloko kakhoza kukhala kodzaza radiator ili youma. Finyani mapayipi: ofewa ngati nthochi yakupsa, otupa pafupi ndi kilipi kapena ouma ong'aluka asinthidwe sabata yomweyo. Zonsezi ndi mphindi zitatu.

Mayi aja ndinakumana nawo pa Lunzu mwezi watha. Bongo ikuyendabe, ndi dalaivala yemwe uja. Anandionetsa kathumba kamene kamakhala kuseri kwa mpando: makilipi atatu, sikuludiraiva, lamba watsopano, mafyuzi ndi mphira ya chubu. Masiku ano amapakira usiku n'kunyamuka pa Lizulu 3 koloko m'mawa, Zalewa amadutsa dzuwa lisanatenthe. Tomato anali pamtengo wabwino tsiku limenelo. Ndinapempha kuti anditsitsireko poti tinavutikira limodzi panjira, koma anakana, anangondiikira basera ya atatu.